Hard drive ikachenjeza, yambani mwachotsamo zanu

Uthenga wake umabwera m'njira zingapo. Pa makompyuta ena mukangoyatsa, Windows isanatseguke, pamalembedwa "SMART Status BAD, Backup and Replace. Press F1 to Resume." Laputopu za HP zimalemba "SMART Hard Disk Error" ndi nambala 301 m'munsi mwake. Za Dell, mukadina F12 poyatsa n'kusankha Diagnostics, zimatha kutulutsa nambala 2000-0142. Nthawi zina ndi Windows imene imaponya kabokosi konena kuti "Windows detected a hard disk problem." Mawu ndi osiyana koma nkhani ndi imodzi: disiki yadziyeza yokha ndipo yapeza kuti siili bwino.

Anthu ambiri amangodina F1 n'kupitiriza ntchito, poti kompyuta imatsegukadi ndipo mafayilo onse amaoneka. Mlungu umatha, mwezi umatha, mtima n'kukhala m'malo. Ife okonza makompyuta timadzailandira itasiya kale kuoneka mu BIOS (kapulogalamu kamene kamayamba kompyuta ikangoyatsidwa, Windows isanatseguke), mwini wake akufunsa ngati zithunzi za ukwati ndi maakaunti a bizinesi zingatuluke. Vuto la chenjezoli n'lakuti silinena tsiku. Disiki ina imayenda miyezi ingapo itachenjeza, ina imafa madzulo omwewo. Chimene mukudziwa n'chakuti lero ikuwerengeka, ndipo ola lililonse limene ikuzungulira liyenera kugwira ntchito imodzi yokha, yokopera zanu kupita kwina. Zoyeza ndi zokonza zidikire.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa pang'ono za mkati. Hard drive ili ndi mbale zopakidwa maginito zimene zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa mbale iliyonse pamayandama kamutu kowerengera ndi kulembera. Sikakhudza mbaleyo, kamayandama pa mpweya, ndipo mpata wake ndi ma nanometre ochepa chabe, moti kafumbi kamene maso sangakaone n'kokwanira kukapunthwitsa. Mbalezo zinagawidwa m'timagawo totchedwa ma sector, lililonse losunga ma byte 512 kapena 4,096. Opanga amasiyako ma sector ena apadera. Disiki ikalephera kuwerenga sector ina, imayamba yailemba pa mndandanda wa okayikitsa. Tsiku limene kompyuta idzafune kulembapo chinthu chatsopano, disiki imayesanso. Ikakanika imatseka sector imeneyo n'kutenga ina pa apadera aja. Zonsezi zimachitika inu osadziwa.

Choipa n'chakuti malo owonongeka kawirikawiri sakhala chete. Ngati kamutu kanakhudza mbale, kamasiya tizinyenyeswa timene timazungulira mkatimo n'kukanda malo ena, ndipo kamutu kamenenso kamanka kafooka. Zili ngati chiswe m'denga: mukaona dothi lake pamtanda umodzi, dziwani kuti mkati mwadyeka kale kuposa pamene mukuonapo. N'chifukwa chake kukakamiza disiki yodwala kuwerenga malo ovuta mobwerezabwereza ndiko kumaimaliza msanga.

Musanachite chilichonse, ikani khutu. Disiki yabwino imalira pang'onopang'ono ngati kafani, ndi timawu ta "tiki tiki" tosalongosoka ikamawerenga. Ikamagogoda mofanana, "kha, kha, kha", kenako n'kusiya kuzungulira n'kuyambanso, ndiye kuti timitu tikulephera kupeza poyambira. Ikamalira ngati kabelu kapena kung'ung'udza osazungulira, nthawi zambiri timitu tamatirira pa mbale. Ikamamveka ngati chinthu chikukhula chitsulo, mbale ikukandika. Mukamva zimenezi zimitsani pompo, ndipo musamayatse "kuti tione ngati yasintha". Palibe pulogalamu imene imakonza kamutu kothyoka. Ntchito yotere imafuna malo opanda fumbi ndi timitu tochokera pa disiki ina yofanana nayo, mtengo wake ndi wokwera, ndipo kwa ife a kuno nthawi zambiri imatanthauza kutumiza disikiyo kunja, monga ku South Africa. Mwayi woti akatswiriwo atulutse zinthu umachepa ulendo uliwonse umene mwaiyatsa.

Pali mpata umodzi pamene kugogoda sikutanthauza imfa. Disiki zakunja zazing'ono za mainchi 2.5 zimatenga magetsi pa USB pomwepo. USB 2.0 imapereka 500 mA, USB 3.0 imapereka 900 mA, ndipo disiki imafuna mphamvu zambiri panthawi imene ikuyamba kuzungulira. Chingwe chachitali chopyapyala, hub yotchipa kapena mabowo a kutsogolo kwa desktop zimatha kuimana mphamvu, n'kumagogoda ili bwinobwino. Yesani kamodzi kokha ndi chingwe chachifupi pa bowo la kumbuyo. Disiki zazikulu za mainchi 3.5 zimakhala ndi adaputala yakeyake ya 12V. Wina akalakwitsa n'kulowetsa chaja ya laputopu ya 19V, chimene chimapsa ndi bolodi ya kunsi, ndipo zinthu za pa mbale kawirikawiri zimakhala zisanakhudzidwe.

Ngati disiki siikulira zachilendo, yambani kukopera. Koma choyamba onani ngati ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotseka zonse za pa disiki kuti zisawerengeke popanda kiyi, chifukwa laputopu zambiri za masiku ano zimabwera itayatsidwa kale mwini wake osadziwa. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani manage-bde -protectors -get C: ndipo muona kiyi ya manambala 48. Ilembeni papepala kapena ijambuleni ndi foni. Imasungidwanso mu akaunti ya Microsoft ngati munalowa nayo. Popanda kiyi imeneyi, ngakhale katswiri atakopera sector iliyonse, zimene angakupatseni n'zosawerengeka.

Kokopera kukhale disiki ina, osati partition ina ya disiki yomweyo. Anthu ambiri amasamutsa zinthu kuchoka pa C kupita pa D n'kuganiza kuti apulumuka, pamene C ndi D zili pa mbale zomwezo. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina kulikonse: Documents, Desktop, zithunzi, fayilo ya pulogalamu ya maakaunti, mafayilo a Outlook otha ndi .pst, ndi Downloads, chifukwa ambiri amasunga zikalata zofunika mmenemo. Mafilimu, nyimbo ndi mapulogalamu zibwere pomaliza ngati disiki ikadali moyo. Laputopu ikhale pachaja batire lili lodzaza, desktop ikhale pa UPS (batire logwiriza magetsi akazima), ndipo zimitsani sleep kuti isagone ntchito ili mkati. Ngati mungathe, tulutsani disikiyo n'kuilumikiza pa kompyuta ina ngati disiki yachiwiri. Windows ikamayendera pa disiki yodwalayo imalemba ndi kuwerenga mosalekeza, update, antivirus, indexing, ndipo zonsezo zikudya nthawi imene yatsala.

Kukopera kwa copy ndi paste kumavuta pa disiki yotere, chifukwa kukafika pa fayilo yowonongeka kumaima nthawi yaitali, mwina kompyuta yonse n'kuuma. Robocopy, imene ili kale mu Windows, imachita bwino, koma ili ndi msampha: mukaisiya mmene ilili, imabwereza fayilo yokanika maulendo 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 pakati pake. Muyenera kuiuza kuti isabwereze:

robocopy C:\Users\dzina\Documents E:\kope\Documents /E /R:0 /W:0 /LOG:E:\kope.txt

/E ikutenga mafoda onse a mkati, /R:0 ikuti fayilo ikakanika idumphe, ndipo mu kope.txt mudzapeza mayina a mafayilo amene alephera. Amenewo mudzawabwerera pambuyo, zina zonse zitatuluka.

Zofunika zikatuluka, mungathe tsopano kufunsa disikiyo chimene chikuivuta. Disiki iliyonse imasunga manambala a mmene ikuyendera, otchedwa SMART. Pa Windows pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawaonetsa. Tengani ya zip yosafuna kuikidwa, muitsegulire pa flash. Pa Linux lamulo lake ndi smartctl -a /dev/sda. CrystalDiskInfo imalemba Good, Caution yachikasu kapena Bad yofiira, koma musathere pa mtundu. Mzere uliwonse uli ndi Current, Worst, Threshold ndi Raw Values. Current imayambira pa 100 kapena 200 n'kumatsika, ndipo BIOS imachenjeza pokhapokha Current yafika pa Threshold imene opanga anaika. Pofika pamenepo ma sector owonongeka amakhala atachuluka kale. Nkhani yeniyeni ili mu Raw Values. Pulogalamuyi imawalemba mu hexadecimal, choncho pitani pa Function, Advanced Feature, Raw Values, musankhe 10 DEC kuti muone manambala wamba.

Mizere yoyang'anitsitsa ndi yochepa. Wa 05, Reallocated Sectors Count, ukuwerenga ma sector amene atsekedwa kale n'kulowedwa m'malo. Wa C5, womwe m'manambala wamba ndi 197, Current Pending Sector Count, ukuwerenga amene akanika kuwerengedwa ndipo akudikira. Uwu ndiwo woopsa kwa mafayilo anu lero, chifukwa sector iliyonse pamenepo ndi kachidutswa ka chinthu chimene disiki ikulephera kukupatsani. Wa C6, 198, ndi ma sector amene disiki yalephereratu kuwakonza podziyeza. Wa BB, 187, ndi zolakwa zimene inanena ku kompyuta kuti zaikanika, ndipo wa BC, 188, ndi malamulo amene sinayankhe panthawi yake. Kampani ya Backblaze, imene imasunga zinthu za anthu pa madisiki zikwizikwi, inanena mu 2016 kuti imadalira mizere isanu imeneyi: pa madisiki ake amene anafa, 76.7 peresenti anali ndi mzere umodzi kapena ingapo yoposa 0, pamene pa amoyo anali 4.2 peresenti okha. Kafukufuku wa Google wa 2007, wa madisiki oposa 100,000, anapeza kuti disiki imene yatseka sector yake yoyamba imakhala pa chiopsezo chofa m'masiku 60 otsatira kuwirikiza ka 14 kuposa inzake yopanda vutolo. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti pafupifupi 36 peresenti ya madisiki amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse cha SMART. Choncho Caution ikhulupirireni, koma Good musaidalire.

Chofunika kuposa kukula kwa nambala ndi kusuntha kwake. Jambulani sikirini lero, mudzaonenso pakatha mlungu. Disiki ya 05 pa 8 imene yakhala pa 8 pomwepo miyezi yambiri, C5 ndi C6 zili pa 0, ingathe kusunga mafilimu kapena zinthu zimene zilinso kwina. Imene yachoka pa 8 kufika pa 40 m'masiku ochepa ikupita. Ya C5 yoposa 0 ife sitiibwezeranso mu kompyuta ya ntchito, ngakhale nambalayo itadzabwerera pa 0 mutaifomata. Kubwererako kumangotanthauza kuti ma sector aja alembedwanso kapena asamukira pa 05, osati chimene chinawawononga chatha.

Manambala ena amaopseza pachabe. Pa madisiki a Seagate, mizere ya 01 ndi 07 imaonetsa mamiliyoni mu Raw Values disiki ili yatsopano, chifukwa kampaniyi imaphatikiza m'nambalayo kuchuluka kwa ntchito zonse zimene yagwira. Mzere wa C7, 199, UltraDMA CRC Error Count, kawirikawiri sukunena za mbale koma za chingwe cha SATA kapena polumikizira. Sinthani chingwe, kanikizani bwino mbali zonse ziwiri. Nambalayo sidzabwerera pa 0, imangosiya kukwera, ndipo kusiya kukwerako ndiwo umboni kuti vuto linali chingwe. Wa BC nawonso umatha kukwera chifukwa cha power supply yofooka. Madisiki abwino ambiri amatayidwa chifukwa cha chingwe.

Palinso zizindikiro zimene zimabwera SMART isananene kanthu. Foda imatenga mphindi kuti itseguke. Mu Task Manager disiki imaonetsa 100% pamene liwiro lowerenga lili pafupi ndi 0, ndipo Average response time ikufika masekondi angapo. Kukopera kumaima ndi uthenga wa "Data error (cyclic redundancy check)". Chithunzi chimatseguka theka, m'munsi mwake muli imvi. Kuti mutsimikize, tsegulani Event Viewer, Windows Logs, System, mufufuze mizere yochokera ku disk. Nambala 7 ikunena za bad block ndipo ndi yosakayikitsa. Nambala 51 ndi 153 zikunena kuti kuwerenga kapena kulemba kunakanika kapena kunabwerezedwa, ndipo zingachokere ku disiki kapena ku chingwe. Kuyeza kwakutali, smartctl -t long kapena Long Test ya SeaTools, pulogalamu ya Seagate yoyezera madisiki, kumawerenga mbale yonse ndipo pa disiki ya 1 TB kumatenga maola 2 kapena 3. Kumapereka yankho lomveka, koma ndi ntchito yolemetsa kwa disiki yodwala. Kuchiteni zanu zitatuluka.

Ngati robocopy ikudumpha mafayilo ambiri, kapena disiki ikumasowa n'kubweranso, siyani kukopera fayilo imodziimodzi. Pamenepo pakufunika kukopera disiki yonse sector ndi sector, ndipo chida chake ndi GNU ddrescue, chimene chimapezeka mu SystemRescue, Linux yoyatsira pa flash. Nzeru yake n'njakuti imayamba yatenga malo onse osavuta mwachangu, kudumpha ovuta, kenako n'kuwabwerera pamapeto. Imalembanso mapu a pamene yafika, moti magetsi akazima mumapitiriza pomwe munalekeza. Mufunika disiki yatsopano yofanana kukula kapena yoposa, ndi flash yosungira mapuwo, imene m'chitsanzo chathu ili pa /mnt/flash. Yambani ndi lsblk -b -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL kuti mudziwe bwino disiki iti ndi iti, ndipo yerekezerani serial ndi imene yalembedwa pa chikuto. Tinene kuti yodwala ndi sda, yatsopano ndi sdb:

ddrescue -f -n /dev/sda /dev/sdb /mnt/flash/mapu.log

Yoyamba kutchulidwa ndi yochokera, yachiwiri ndi yolandira. Mukazitembenuza mudzalemba disiki yopanda kanthu pamwamba pa zanu zonse, ndipo ddrescue sidzakufunsani kawiri. Pa liwiro la 100 MB pa sekondi, 1 TB imatenga pafupifupi maola 3. Yodwala imatha kutenga masiku. Ikani kafani kaziiwomba. Ulendo woyamba ukatha, bwerezani lamulo lomwelo, pa -n muike -d -r1, kuti iyese malo otsalawo kamodzi kokha. Ikayamba kugogoda ntchito ili mkati, dinani Ctrl ndi C, muzimitse. Mukamaliza, disiki yodwalayo iikeni pambali. Chkdsk (chida cha Windows chokonzera dongosolo la mafayilo), TestDisk, PhotoRec ndi zida zina zonse zotulutsira mafayilo zigwire ntchito pa kopeyo, ndipo zimene zatuluka zipite pa disiki yachitatu.

Zimene zimawononga kwambiri ndi malangizo a anthu ofuna kuthandiza. Chkdsk /r imawerenga sector iliyonse ndi kukakamira pa zovuta, ndipo posintha mndandanda wa mafayilo imatha kudula mafoda n'kuwasandutsa timafayilo totha ndi .chk topanda mayina. Windows ikafuna kuiyambitsa yokha poyatsa, dinani batani lililonse masekondi amene imapereka asanathe. Ikanena kuti "You need to format the disk before you can use it", yankho ndi Cancel. Disiki yaoneka ngati RAW, ndiye kuti yosafomatidwa, chifukwa chiyambi cha partition sichikuwerengeka, koma kawirikawiri mafayilo akadali mommo. Defragment imasamutsa zinthu kuchoka pa malo abwino kupita pa malo amene simukuwadziwa. Mapulogalamu olonjeza kuchiritsa ma bad sector amangokakamiza disiki kuwerenga ndi kulemba pamalo omwewo. Kuika disiki mufiriji kumabweretsa chinyezi mkati. Kuitsegula pa tebulo kumalowetsa fumbi, ndipo akatswiri ambiri amakweza mtengo kapena kukana disiki yotsegulidwa kale. Kusintha bolodi ndi ya disiki ina yofanana nakonso sikugwira pa madisiki a masiku ano pokhapokha musamutsenso kachipu ka ROM, chifukwa mmenemo muli miyeso ya timitu ta disiki imeneyo yokha.

SSD, disiki yosunga zinthu m'timachipu, ilibe mbale, choncho siilira, ndipo nthawi zambiri imafa mwadzidzidzi: dzulo inalipo, lero BIOS siikuiona. Pa SSD za mtundu wa NVMe yang'anani Percentage Used, Available Spare ndi Media and Data Integrity Errors. Percentage Used ikayandikira 100 ndiye kuti yalemba zochuluka mmene opanga anayembekezera; Available Spare ikatsika kufika pa malire ake imachenjeza. SSD zina zikaona kuti zatha zimadzitseka kuti muzingowerenga osalemba. Mukaona mafayilo akukana kusungidwa kapena zimene mwafufuta zikubwerera mukayatsanso, koperani zonse tsiku lomwelo.

Pogula yolowa m'malo, laputopu kapena desktop yakale imene inali ndi disiki ya SATA imalandira SSD ya mainchi 2.5 pamalo omwewo, ndipo imapirira kugwedezeka. Ngati mukugula disiki kapena laputopu yogwiritsidwa kale ntchito, monga zambiri zimene zimabwera kuchokera kunja, nyamulani CrystalDiskInfo pa flash muione musanalipire. Mzere wa 09 ukuonetsa maola amene yayaka. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho 30,000 ndi zaka zitatu ndi miyezi ingapo usana ndi usiku. Manambalawa amatha kufufutidwa ndi ogulitsa osakhulupirika; disiki imene chikuto chake chikunena kuti inapangidwa zaka zambiri zapitazo koma ikuonetsa maola 50 muikayikire.

Ndipo funsani chimene chinapha yoyambayo, kuti chisaphenso yachiwiri. Madisiki ambiri anapangidwa kuti asapose madigiri 55 kapena 60, ndipo mzere wa C2 umaonetsa kutentha. Mu Okutobala, laputopu yoikidwa pamatiresi mabowo a mpweya atatsekeka, fani itadzaza fumbi, siichedwa kuyandikira pamenepo. Kunyamula laputopu ikuyaka n'kuiponya pampando kumagwetsera kamutu pa mbale. Magetsi ozima mwadzidzidzi amachititsa timitu kubwerera mothamanga, zimene zimawerengedwa pa mzere wa C0, ndipo sector imene imalembedwa panthawiyo imatha kutsala theka. UPS yaing'ono yokupatsani mphindi 5 zozimitsira bwino imakwanira. Zofunika zanu zikhale m'malo atatu, amodzi mwa iwo kunja kwa nyumba kapena ofesi, ndipo disiki ya backup isamakhale yolumikizidwa nthawi zonse, chifukwa mphenzi ndi ma virus obisa mafayilo zimatenga chilichonse chimene chalumikizidwa.

Disiki yakaleyo musaitaye msanga. Isungeni milungu ingapo mpaka mutatsegula mafayilo a pa yatsopano n'kutsimikiza kuti akutseguka, makamaka fayilo ya maakaunti ndi zithunzi, chifukwa dzina la fayilo limatha kuoneka mkati mwake muli mopanda kanthu. Ngati ili pa waranti, onani serial pa webusayiti ya opanga. Amakupatsani disiki ina koma mafayilo sabweza. Ngati ikupita kudzala ndipo munali zikalata za makasitomala kapena za kubanki, ibooleni ndi dirilo malo atatu kapena anayi podutsa pa mbale. Mbale za madisiki ambiri a laputopu ndi zagalasi ndipo zimasweka n'kuthothoka, choncho valani magalasi oteteza maso.